Kodi a mayunivesite amakatani ku COP poti osaina ndi maboma okha?

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso landivuta kuyambira dzulo, ndimawerenga za misonkhano ya COP ija yokambirana za kusintha kwa nyengo nde ndikungoona ma senta a kafukufuku a mma yunivesite akunyadira kuti tinali ku COP, tatumiza anthu athu ku COP, koma mmene ndikumvera ine okambirana komanso osaina ndi maboma okha basi, nde apulofesawa amakatani kumeneko? Amangokaonerera kapena alipo chomwe amasintha?

NaBanda: Wafunsa bwino mng'ono wanga. Ine kwanga ndimaona ngati ndi maulendo chabe. Ku Dubai mu 2023 kunapita anthu opitilira 80,000, ndege zokhazokha, koma mpweya woipa ukupitabe mmwamba chaka ndi chaka. Malipoti alembedwa okwana, vuto si kusadziwa ai, vuto ndi kusafuna.

Aphunzitsi: Mwadzuka bwanji nonse. Tadala wanena zoona pa mbali yoyambayo, pangano la UN la za kusintha kwa nyengo, UNFCCC, la 1992 ndi la maboma, ndipo kuyambira COP yoyamba ku Berlin mu 1995 amene ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana ndi nthumwi za maboma. A yunivesite amalowa ndi baji ya oonerera, ali ndi gulu lawo amalitcha RINGO la mabungwe ofufuza, ndipo zipinda zina zikatsekedwa iwo amatsala panja. Koma ziwiri izi muzidziwe. Choyamba, ambiri mwa iwo boma la kwao kapena la dziko lina limawatenga nkuwapatsa baji ya delegeshoni, nde amakhala mkati momwemo kumbuyo kwa wokambirana. Chachiwiri, kumeneko kulibe kuvota, lamulo la kavotedwe silinavomerezedwe mpaka lero nde chilichonse chimadutsa pokhapokha onse agwirizane, ndie kuti nkhondo yonse imakhala pa mau a chiganizo chimodzi chimodzi. Amene akudziwa kuti mau amenewa anachokera kuti, anagwirizana chiyani zaka khumi zapitazo, ndi amene amapambana, ndipo anthu osunga mbiri imeneyo nthawi zambiri ndi ofufuzawa chifukwa nduna zimasintha, ma ofisala amasamutsidwa, iwo amakhalapobe.

Tadala: Zikomo Aphunzitsi, koma mungandipatseko chitsanzo cha senta imodzi yeniyeni? Zikamanenedwa chonchi zimamveka bwino koma ndikufuna ndione chogwirika.

Aphunzitsi: Ine yomwe ndimaitchula nthawi zonse ndi ICCCAD ya ku Dhaka, ili pa Independent University ku Bangladesh, inayamba mu 2009 ndipo amaitsogolera anali malemu pulofesa Saleemul Huq. Bambo ameneyu anapezeka pa COP iliyonse kuyambira ya ku Berlin ija mpaka ya 27 ku Sharm el-Sheikh, analembako nao malipoti a IPCC, bungwe la UN lounika sayansi ya kusintha kwa nyengo, komanso anali mlangizi wa gulu la maiko osaukitsitsa lija la LDC. Nkhani yomwe anaikakamira moyo wake onse ndi ya zotayika ndi zoonongeka, kutanthauza zija zoti olo mutakonzekera bwanji simungazipewe, chilumba chikamira chamira, minda ikalowa madzi amchere yapita. Ndipo tamvani kutalika kwa ulendowu. Dziko la Vanuatu linabweretsa ganizoli mu 1991 poimira maiko a pazilumba, ankapempha inshuwalansi ya kukwera kwa nyanja, anthu anangolikankhira kumbali. Mu 2013 ku Warsaw ndi pamene panakhazikitsidwa njira yoti nkhaniyi izikambidwa mwa lamulo. Mu 2015 ku Paris inapeza ndime yakeyake, ndime 8, koma maiko olemera anaonetsetsa kuti mu chigamulo chotsagana nacho mulembedwe kuti ndimeyi sikupereka mpata oimba munthu mlandu kapena ofuna chipukuta misozi. Ku Glasgow mu 2021 gulu la G77 la maiko omwe akutukuka kumene linapempha thumba la ndalama, anawapatsa zokambirana basi. Mpaka mu November 2022 ku Egypt ndi pamene thumba linavomerezedwa. Zaka 31 zimenezo. A Huq anamwalira pa 28 October 2023, kutangotsala mwezi umodzi kuti thumbalo alitsegule pa tsiku loyamba la COP28.

NaBanda: Mzimu wao uuse mumtendere, koma Aphunzitsi mwangotsimikiza zomwe ndimanena. Zaka 31! Ndie thumbalo atalitsegula malonjezo anangokwana madola pafupifupi 700 miliyoni, pamene chigumula cha ku Pakistan chokha mu 2022 chinaononga zinthu za mabiliyoni ambirimbiri. Komanso ine ndikuona kuti chomwe chinatsegula chitseko ku Egypt ndi chigumulacho, anthu 33 miliyoni anakhudzidwa, oposa 1,700 anafa, ndipo Pakistan ndi amene amatsogolera G77 chaka chimenecho, nde dziko lonse linachita manyazi. Osati pepala la pulofesa ai.

Achimwene_K: Achemwali pamenepo ndikugwirizana nanu theka. Chigumula chinakankha inde, koma masoka akhala akuchitika kuyambira kale, bwanji thumba silinabadwe nthawi zimenezo? Kusiyana kwake nkoti pofika 2022 zinthu zinali zokonzeka, tanthauzo linalipo, mapepala oonetsa kuti thumba lingayende bwanji analipo, okambirana ophunzitsidwa analipo. Komanso musaiwale gulu lija la World Weather Attribution, linayambitsidwa ndi a Friederike Otto ndi malemu Geert Jan van Oldenborgh, a Otto anali ku Oxford kenako anapita ku Imperial College London. Iwowa madzi asanaphwe nkomwe, mu September 2022, anali atatulutsa kale kafukufuku oonetsa kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mphamvu ya mvula imene ija. Kale wasayansi ukamufunsa kuti kodi chigumula ichi ndi kusintha kwa nyengo amayankha kuti sitinganene za tsoka limodzi palokha, ndipo maiko olemera amabisala mu yankho limenelo. Pano pobisalapo pachepa.

Dalitso: Ndilowelereko pang'ono, ine ndinakhalako ku Bonn pa zokambirana za mu June zija zokonzekera COP, ndinapita ndi baji ya oonerera kudzera ku yunivesite yomwe ndimaphunzira, ntchito yanga inali yongolemba manotsi. Zomwe ndinaona sizimaoneka pa TV. Chikalata chatsopano chimatha kutuluka usiku anthu atatopa kale, masamba ambirimbiri odzaza mabulaketi, chilichonse chomwe sanagwirizane amachitsekera mmabulaketi, nde mmawa mwake mufunika mukayankhe. Dziko lalikulu lili ndi maloya ndi akatswiri ogawana ndime iliyonse, wina akagona wina amadzuka. Koma ndinaona mayi wina wa dziko laling'ono, iwo pa delegeshoni yao analipo ochepa kwambiri pamene zipinda zokambirana zikuyenda zambiri nthawi imodzi, za ndalama uku, za ulimi uku, za malipoti uku. Amajambula ndime pa foni nkutumiza pa WhatsApp kwa ofufuza omwe amakhala pa kolido panja ndi ma laputopu pa miyendo, wina amatsegula zigamulo za zaka za mmbuyo nkuyerekeza mzere ndi mzere, kenako amamuyankha mizere iwiri yokha, kuti onani apa achotsa mau onena za thandizo laulere asiya ongoti ndalama, mukavomera ndie kuti ngongole nazo ziwerengedwa, kumbutsani chigamulo chakutichakuti. Mayiyo anakweza kabolodi ka dzina la dziko lake nkuyankhula zomwezo. Dzina la ofufuza uja silinalembedwe paliponse.

Tadala: Eee achimwene a Dalitso izi nde zomwe ndimafuna kumva. Nde kuti amagwira ntchito ngati ma sekilitale a okambirana?

Dalitso: Mbali ina eya, koma yaikulu imachitika COP isanafike. Kuli maphunziro a okambirana atsopano, monga a ecbi omwe a Benito Müller a ku Oxford akhala akuyendetsa kuyambira 2005, amaphunzitsa mmene chikalata chimawerengedwera, nthawi yoyankhula, kusiyana kwa chigamulo ndi pangano, amachita mpaka zoyeserera. Munthu osaphunzitsidwa chaka chake choyamba chimangothera kusochera mmakolido ndi kufunsa matanthauzo a zidule.

Mayi Adimini: Zikomo nonse zikuyenda bwino, ndingopempha tisatumize ma voisi noti chifukwa ena akutsatira ali ku ntchito. Pitirizani.

Aphunzitsi: Zikomo mayi. Ndikufuna ndimuyankhe NaBanda pa zoti pepala silisintha kanthu, tiyeni titsate nambala imodzi tione mmene inayendera, ya madigiri 1.5, malire oti kutentha kwa dziko kusakwere kuposa pamenepo. Ku Copenhagen mu 2009 maiko a pazilumba ndi osaukawa ndi amene amaiimba, akuluakulu onse amati 2 ndi yokwanira, ndipo ku Cancun mu 2010 analemba 2 koma anasiya mpata kuti aunikenso. Kuunikako kunachitika kuyambira 2013 mpaka 2015, asayansi amabwera kudzakhala maso ndi maso ndi okambirana nkumayankha mafunso, ndipo lipoti lake linati madigiri 2 sitingawatenge ngati malire otetezeka. Ndi chifukwa chake 1.5 inalowa mu mgwirizano wa ku Paris. Atatero anapempha IPCC kuti ilembe lipoti lapadera, koma IPCC simachita kafukufuku payokha, kuyambira pomwe inakhazikitsidwa mu 1988 ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kuunika zomwe ena asindikiza, ndipo za 1.5 zinali zochepa kwambiri nthawi imeneyo, nde ndi ma senta ngati Potsdam Institute ya ku Germany ndi anzao amene anathamanga kudzaza mpatawo. Lipoti linatuluka mu October 2018, linati mpweya wa carbon dioxide uyenera kutsika ndi 45 peresenti pofika 2030 poyerekeza ndi 2010, ndi kufika poti omwe tikutulutsa ukufanana ndi omwe ukuchotsedwa cha mma 2050. Pitani mukawerenge chigamulo cha ku Glasgow cha 2021, nambala ya 45 ija ilimo. Ndipo ngati lipoti lilibe mano, bwanji ku Katowice mu December 2018 America, Saudi Arabia, Russia ndi Kuwait anakana kuti chikalata chinene kuti alilandira, amafuna chingonena kuti aliona? Munthu salimbana ndi chinthu chosamuopsa.

NaBanda: Chabwino Aphunzitsi pamenepo mwandigwira, nambala imalowadi mu chikalata. Koma kulowa mu chikalata ndi kuchitika ndi zinthu ziwiri. 2024 chinali chaka choyamba kutentha kudutsa 1.5 chaka chathunthu. Ndipo onani za ku Baku chaka chomwecho, gulu la akatswiri lija la a Vera Songwe, a Nicholas Stern a ku London School of Economics ndi a Amar Bhattacharya linawerengetsa bwinobwino kuti maiko omwe akutukuka kumene, kupatula China, akufunika madola 1.3 thililiyoni pa chaka ochokera kunja pofika 2035. Chinatuluka nchiyani? 300 biliyoni. Ya 1.3 ija anangoilemba ngati pempho kwa aliyense, opanda oti mungamuloze chala. Mpaka a LDC, omwe amawatsogolera anali a Evans Njewa, ndi a zilumba anatuluka mchipinda chifukwa chokwiya, nthumwi ya India nayo inakana poyera nyundo italira kale. Nde kafukufuku anathandiza chiyani pamenepo?

Achimwene_K: Anathandiza kuti inu lero muzitha kunena kuti 300 ndi yochepa ndipo mukudziwa kuti yachepa ndi zingati. Ya 100 biliyoni pa chaka ija maiko olemera analonjeza ku Copenhagen mu 2009 sinachokere pa kuwerengetsa kulikonse kwa zosowa, inali nambala ya ndale basi, amati ikwana pofika 2020, OECD, bungwe lomwe mamembala ake ambiri ndi maiko olemera, inadzanena kuti inakwana mu 2022, ndipo Oxfam, bungwe lolimbana ndi umphawi, inaonetsa kuti gawo lalikulu linali ngongole. Popanda anthu okhala pansi nkuwerengera dola iliyonse tikanangouzidwa kuti tapereka, ife nkuombera mmanja. Sindikunena kuti zakwana achemwali, ndikuti olemerawo amanama movutikirapo pakakhala owerengera.

Tadala: Koma pali china chikundidetsa nkhawa, maina ambiri mwatchulawa ndi Oxford, London, Potsdam. Ndie kuti maiko osauka akudalira alangizi ochokera ku maiko omwewo akukangana nao pa tebulo? Zimenezo sizoopsa?

NaBanda: Apo nde wafika pa chilonda chenicheni.

Aphunzitsi: Tadala funso lako ndi lomwe linapangitsa kuti ndiyambe ndi ICCCAD osati enawo. Lipoti la IPCC la 2022, mu chaputala cha Africa, linanena kuti kuyambira 1990 mpaka 2019 ndalama za kafukufuku wa nyengo zomwe zinapita pa nkhani za Africa zinali 3.8 peresenti yokha ya dziko lonse, ndipo mwa zochepazo 78 peresenti inapita ku mabungwe a ku Ulaya ndi North America, a mu Africa analandira 14.5 peresenti. Ndie kuti olo mafunso omwe akufufuzidwa amasankhidwa kutali. Ine sindikukaikira mtima wa ofufuza a kunjawo, ambiri agwira ntchito yaikulu ndipo okambirana amawayamikira, koma wamva mmimba ndiye atsekula chitseko. Senta yomwe ili ku Dhaka imaona ndi maso anthu akusamuka ku gombe kubwera mu tauni chifukwa madzi amchere alowa mminda, nde nkhani ya zotayika singaiike pa nambala 10. A Huq amadandaula kwambiri ndi mchitidwe otumiza katswiri pa ndege kudzachititsa wekishopu ya masiku ochepa nkubwerera, ndalama zatha, luso silinatsale. Iwo amati luso limakhazikika mu yunivesite chifukwa yunivesite simasamuka, ndi chifukwa chake anathandiza kuyambitsa mgwirizano wa ma yunivesite a maiko a LDC, LUCCC, pamodzi ndi Makerere ya ku Uganda, potsamira pa ndime 11 ya mgwirizano wa ku Paris yomwe imakamba za kumanga luso.

NaBanda: Nanga ndalama zoyendetsera senta ya ku Dhaka zimachokera kuti? Si kwa ma dona omwewo? Tsiku lina akadzakwiya atseka mpopi.

Aphunzitsi: Zoona, ma senta ambiri a maiko osauka amayendera ndalama za ma pulojekiti ochokera kunja ndipo ndi kufooka kwenikweni, sindikubisa. Pulojekiti ikatha zaka zitatu ofufuza achinyamata omwe waphunzitsa amabalalika. Mankhwala ake ndi oti maboma eni ake aziikako kangachepe mu bajeti, chifukwa mtengo osunga ofufuza ochepa ndi waung'ono kwambiri poyerekeza ndi zomwe dziko limataya likavomera chiganizo cholakwika pa nkhani ya ngongole.

Dalitso: Ndionjezereko china chomwe ndinamva anthu akukangana ku Bonn konko, ena mwa asayansi amati ukangovala baji ya delegeshoni wasiya kukhala ofufuza wasanduka loya wa mbali imodzi, nde lipoti lako anthu azilikaikira. Ine sindikuona choncho bola manambala ako akhale oti wina aliyense angawaunike ndipo usabise zomwe sizikukomera mbali yako. Chitsanzo ndi kafukufuku wa Pakistan uja achimwene atchula, sanangoti zonse ndi mpweya wa maiko olemera ai, ananenanso za midzi yomangidwa mmalo odutsa madzi, ngalande ndi zotchinga zakale, umphawi. Boma lina silingakonde kumva zimenezo koma ndi zomwe zimapangitsa kuti mbali inayo isapeze pogwira.

Achimwene_K: Ndipo mbali inayo nayo ili ndi alangizi ake ambirimbiri, palibe amawafunsa zoti ali pakati kapena ai.

Tadala: Nde pano thumba lija likuyenda? Ofufuzawa ntchito yao inathera pomwe linavomerezedwa?

Aphunzitsi: Ai, ndie yayamba kumene. World Bank ndi yomwe ikulisunga mongoyembekezera kwa zaka zinayi, zomwe maiko osauka anavomera monyinyirika, bodi yake ikuchitira ku Philippines, oyendetsa wamkulu ndi a Ibrahima Cheikh Diong a ku Senegal, ndipo America inatuluka mu bodiyo mu 2025. Mafunso ovuta ndi omwe atsala, ndani ayambe kulandira, ndalama zifike bwanji kwa anthu a mmudzi osathera mma ofesi, manda okokoloka kapena chilankhulo cha anthu omwe abalalika mungachiikire mtengo wanji. Zimenezi bodi singaziyankhe payokha pa misonkhano ya masiku atatu.

NaBanda: Ine ndikadali pomwe ndinali pa nkhani ya ndalama, 700 miliyoni sindingaiombere mmanja olo pang'ono. Koma ndavomera kuti mayi uja wa ku Bonn kumuchotsera anthu a pa kolido aja ndi kumupha. Funso langa ndi ili, thumbalo likadzati tionetseni umboni kuti tsoka lanuli labwera ndi kusintha kwa nyengo, si maiko osauka omwewo adzalephere?

Dalitso: Ndi zomwe ofufuza a World Weather Attribution eni ake amachenjeza achemwali. Kuti unene kuti mvula iyi yakula kuposa kale ufunika ma rekodi a mvula a tsiku ndi tsiku a zaka zambiri mmbuyo, ndipo Africa ndi kontinenti yomwe ili ndi ma siteshoni a zanyengo ochepa kwambiri, kwina ma rekodi ali mmabuku a pamanja omwe sanalowetsedwe mu kompyuta, kwina pali zaka zosoweka chifukwa cha nkhondo kapena chipangizo chinaonongeka osakonzedwa. Nde zimachitika kuti kafukufuku wa chigumula cha ku Germany amatuluka ndi yankho lomveka bwino pamene wa dziko losauka amathera poti manambala ndi osakwanira, osati chifukwa nyengo sinasinthe kumeneko koma panalibe oyeza. Umboni otero ukakhala chiphaso cholandilira ndalama ndie kuti ovutika kwambiri ndi amene akhale kumapeto kwa mzere. Okambirana a LDC afunika aziyang'anitsitsa mau amenewo nthawi iliyonse bodi ikutulutsa malamulo ofunsira ndalama, ndipo ma yunivesite ayambe ndi kujambula mabuku akale aja asanadyedwe ndi chiswe, imeneyo ndi ntchito yoti ana a chaka chachitatu angaigwire ndi sikana imodzi.

Tadala: Achimwene a Dalitso ndikulemberani ku inibokosi madzulo ano, ndikufuna mundiuze mmene yunivesite imalembetsera kuti ipeze mabaji aja.